Nandolo wa ku Chiradzulu pa msika wa ku Deira

Ukatuluka pa siteshoni ya sitima ya pansi pa nthaka ya Al Ras, ku Deira, chimayamba kukulonjera ndi fungo: tsabola wouma, adyo, mpunga wa basmati, ndi zokometsera ndiwo zimene kwathu timagula m'timapaketi koma kuno zaima m'matumba ofika m'chiuno. Deira ndi chigawo chakale cha mzinda wa Dubai, m'mbali mwa khwawa la madzi a m'nyanja lotchedwa Khor Dubai. Nyumba zitalizitali zonyezimira zimene timaona pa zithunzi zili kutsidya, chapatali. Kuno kuli timisewu topanikizana, ngolo zokankha pamanja, ndi amuna a ku Pakistan, India ndi Bangladesh atasenza matumba, malaya atanyoweratu ndi thukuta. Ndi dirham imodzi yokha, boti lamatabwa limene amalitcha abra limakuolotsa kupita ku Bur Dubai, ndipo uli pakati pa madzi umaona zombo zamatabwa zitandanda pagombe, zikupakira mpunga, mafuta ophikira, matayala ndi mafiriji opita ku Iran, Yemen ndi Somalia.

Malonda a pano sanayambe dzulo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, boma la Persia litakweza misonkho pa doko la Lingeh, Sheikh Maktoum bin Hasher anachotsa msonkho wa katundu ku Dubai, amalonda ambiri n'kusamukira kuno ndi mabanja awo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Sheikh Rashid bin Saeed Al Maktoum anakumbitsa khwawali kuti zombo zokulirapo zizilowa. Masiku ano makontena amatsikira pa doko la Jebel Ali, lomwe linatsegulidwa mu 1979, koma mitengo ya mpunga, nyemba ndi zokometsera amakambiranabe m'timaofesi ta ku Al Ras. Dziko la United Arab Emirates ndi la mchenga. Chakudya chake choposa magawo 80 pa 100 aliwonse chimachokera kunja, ndipo china chochuluka chimangopumira pano n'kupitirira ulendo wa kumayiko ena.

Chimene chinandilowetsa m'kasitolo kena ndi mbale imodzi. Pa tebulo panali timbale ta zitsanzo: mphodza zofiira, tchana, khobwe, chitowe choyera ndi chakuda. Pakati pake panali nandolo wosasenda, wofiirira, wofanana ndendende ndi amene ndinakula ndikupuntha ndi ndodo pabwalo la azakhali anga ku Chiradzulu. Mwini sitoloyo, bambo wachikulire wa ku Gujarat, atamva kumene ndachokera anangomwetulira n'kutchula dzina limene amalonda anapatsa nandolo wathu: "Malawi red". Anandiwerengeranso ena. Wa ku Myanmar amamuti "lemon", wa kumpoto kwa Tanzania amamuti "Arusha". Kenako anatembenuza foni yake kuti ndione. Pa WhatsApp panali uthenga wa m'mawa womwewo wochokera kwa mkhalapakati wa ku Mumbai, mitengo ya nandolo wa dziko lililonse itandandalikidwa. Pansi pake panali zithunzi za matumba ali m'kontena, pepala la sitima, ndi kamawu kojambula ka munthu wina akupempha kuti amuchotsereko pang'ono. Malonda onse a tsikulo anali m'dzanja lake limodzi, tiyi ali kudzanja linalo.

Ndili chiimire pamenepo ndinakumbukira m'mawa wina wa mwezi wa Ogasiti, pa msika wa m'mudzi mwa azakhali. Venda anali atapachika sikelo pa nthambi ya mtengo wa mango, lona atayala pansi. Azakhali anatula thumba, n'kupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Lero mukugula bwanji, achimwene?"

"Watsikanso, amayi. Ku Limbe akuti adzaza, sakufuna wambiri."

Anapachika thumbalo, muvi wa sikelo n'kugwedera, iye n'kuwerenga msanga usanaime bwinobwino. Anachotsanso kilogalamu imodzi, ati ya thumba ndi zinyalala.

"Bambo inu, thumba limeneli ndalisenza ndekha kuchokera kunyumba. Khosi langa likudziwa kulemera kwake."

"Sikelo sinama, amayi. Ngati simukufuna, kayeseni kwina."

Kwina kunalibe. Venda wachiwiri anali pa mtengo wotsatira, mtengo wake womwewo, ndipo madzulo onse awiri ankakwera galimoto imodzi. Mdzukulu anali atabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi. Azakhali anagulitsa. Tikubwerera anangondiuza kuti, "Fodya n'uyu ali pamphuno, mwanawe." M'kachikwama ka pakhosi pawo munali foni ya mabatani, netiweki ili yodzaza.

Anthu awiriwa, bambo wa ku Al Ras ndi azakhali anga, ali pa nsonga ziwiri za chingwe chimodzi, ndipo onse ali ndi foni. Pakati pawo nandolo amadutsa m'manja ambiri. Venda wa pansi pa mango amagulira bwana wake wa pa tiledingi. Bwanayo amadzaza lole n'kukatula ku kampani ku Limbe kapena ku Blantyre, kumene nandolo amapetedwa ndi makina, kusankhidwa, nthawi zina kusendedwa n'kuswedwa pakati kukhala dal amene anthu a ku India amadya tsiku ndi tsiku. Akatero amalowa m'kontena, n'kupita pa njanji ku doko la Nacala kapena pa msewu ku Beira. Wochuluka amakatsikira ku India, wina ku Jebel Ali. Dzanja lililonse lili ndi zolipira zake zenizeni: matumba, mafuta a galimoto, chiwongoladzanja cha banki, mbewu yofumbwa ndi anankafumbwe, mantha oti mtengo ugwa katundu ali panjira. Choncho si venda aliyense amene ndi wakuba, ndipo popanda iye nandolo wa m'midzi yambiri akanaolera pakhonde. Koma pa ulendowu pali zinthu ziwiri zimene zimatayika. Popita, dzina la mlimi limathera pa lona ya venda, pamene nandolo wosankhidwa bwino amasakanizidwa ndi wamiyala ndi wonyowa. Pobwera, mtengo umene bambo wa ku Al Ras amauona m'mawa uliwonse umafika kumudzi utasanduka mawu awiri okha: "watsikanso, amayi".

Amene amalimbikitsa luso la makono pa ulimi amati foni ingathe kubweza zinthu ziwirizi, ndipo ali ndi umboni wake. Pakati pa 1997 ndi 2001, mafoni a m'manja anafika pang'onopang'ono m'mphepete mwa nyanja ku Kerala, kum'mwera kwa India, kumene kumachokera ambiri mwa ogulitsa m'masitolo a ku Deira. Katswiri wa zachuma Robert Jensen anatsatira asodzi a kumeneko pa zaka zimenezo. Mafoni asanabwere, msodzi ankangokocheza pa msika wa kwawo. Akapeza nsomba zadzaza, zina ankazitaya, pamene msika wina wa pafupi unali kuzisowa. Mafoni atafika, asodzi anayamba kuimba ali pamadzi n'kulunjika kumene kuli ogula. Kutaya nsomba kunatha, phindu la asodzi linakwera ndi magawo pafupifupi 8 pa 100, ndipo ogula nawo anayamba kugula motsikirako. Ku Niger, Jenny Aker anapeza kuti mafoni atafika, kusiyana kwa mitengo ya mbewu pakati pa misika kunachepa ndi magawo 10 mpaka 16 pa 100.

Koma pali umboni winanso umene sutchulidwa kawirikawiri m'misonkhano. Ku Maharashtra, ku India komweko, alimi ankalandira mitengo ya m'misika ndi nkhani za nyengo pa foni kudzera mu ntchito yotchedwa Reuters Market Light. Marcel Fafchamps ndi Bart Minten atafufuza, mu 2012 analemba kuti mtengo umene alimiwo ankalandira sunasiyane kwenikweni ndi wa anzawo amene sankalandira mauthengawo. Ine ndimaona kuti kusiyana kwa nkhani ziwirizi kuli pa boti. Msodzi wa ku Kerala akamva mtengo amakhota chiwongolero. Ku Niger, amene ankaimba mafoni kwambiri anali amalonda. Azakhali anga akanamva kuti ku Limbe mtengo ndi wokwera, akanatani ndi thumba limodzi pamutu? Kabaza ndi minibasi zikanadya phindu lonse, ndipo pa geti la kampani salandira munthu wa thumba limodzi. Uthenga wa mtengo umathandiza munthu amene angathe kupita kwina kapena kudikira. Amene sangathe ziwirizi, uthengawo umangomuuza kukula kwa zimene walandidwa.

Palinso funso la nthawi imene uthenga ukufika. Alimi a nandolo a ku Chiradzulu, Mulanje, Phalombe, Zomba, Balaka ndi Mwanza saiwala chaka cha 2017. Mu 2014 ndi 2015 mvula inavuta ku India, nandolo anasowa, mitengo inakwera, ndipo kwathu anthu anakhoma malata ndi ndalama za nandolo. Aliyense anawonjezera munda. Amene ankabzala nandolo wa mthawajuni m'mizere ya chimanga kuti apeze ndiwo anayamba kumulima ngati fodya. Koma mu 2016 mvula inagwa bwino ku India, alimi akumeneko anabzala nandolo wochuluka, ndipo zokolola zawo zinatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Mu Ogasiti 2017, nandolo wathu ali pabwalo, boma la India linaika malire akuti nandolo wochokera kunja asapitirire matani 200,000 pa chaka. Mtengo kwathu unagwa mpaka pansi pa K100 pa kilogalamu m'madera ena. Anthu anasunga matumba m'nyumba mpaka anafumbwa.

Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi n'chakuti amalonda a ku Mumbai ndi ku Al Ras ankaona mtambowu ukubwera. Nandolo wa ku India amabzalidwa mu Juni ndi Julayi. Pofika Novembala ndi Disembala 2016, pamene alimi athu ankaponya mbewu m'phando, kukula kwa minda ya ku India kunali kodziwika ndipo mitengo inali itayamba kale kutsika kumeneko. Uthenga umodzi wa m'Chichewa pa nthawi imeneyo, wakuti chaka chino musadalire nandolo yekha, ukanapulumutsa mabanja ambiri kuposa mauthenga zana a mitengo ya tsiku ndi tsiku ya mu Ogasiti. Ndipo china sichinali cha foni n'komwe. Dziko la Mozambique linali litasainirana kale ndi India mu 2016 mgwirizano wogula nandolo wake, choncho linali ndi khomo lotseguka. Malawi anadzapeza mgwirizano wotere mu 2021, wa matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu.

Kudikira ndiye nkhani yaikulu, ndipo apa m'pamene luso la makompyuta lagwira ntchito yooneka kwathu, ngakhale kwa anthu ochepa. Bungwe la Agricultural Commodity Exchange for Africa, lodziwika kuti ACE, limene NASFAM inathandiza kukhazikitsa mu 2004, linayamba mu 2011 kupereka malisiti a mbewu zosungidwa m'nkhokwe zovomerezeka. Kayendedwe kake ndi kotere. Gulu la alimi limatula mbewu ku nkhokwe. Kumeneko amaipeta, amayeza chinyezi, amaiika pa sikelo, amaipatsa giredi, n'kulemba zonsezi mu kompyuta. Lisiti limene limatuluka limanena kuti mwini mbewu ndi uje, ndi yochuluka mwakuti, ndi ya giredi yakuti, ili m'nkhokwe yakuti. Banki ikaona lisiti limenelo ingathe kubwereketsa gawo la mtengo wa mbewuyo, chifukwa chikole chili pamalo odziwika ndipo sichingagulitsidwe kawiri. Mlimi amalipira fizi ya mwana ndi ngongoleyo, mbewu ikudikira miyezi imene mtengo umakwera. Wogula wa ku Lilongwe kapena wa kunja angathe kugula lisitilo asanaone thumba ndi maso, popeza giredi yalembedwa ndi munthu amene si wogulitsa. Pambuyo pake kunabweranso AHL Commodities Exchange, ndipo lamulo la malisiti a m'nkhokwe linakhazikitsidwa mu 2018.

Njira imeneyi ili ndi minga yake. Nkhokwe imalipiritsa mwezi ndi mwezi, chiwongoladzanja cha mabanki athu n'chokwera, ndipo mtengo ukapanda kukwera, monga zinachitikira mu 2017, wosunga amatuluka ndi ngongole m'malo mwa phindu. Nkhokwe zambiri zili m'matauni ndi m'misewu ikuluikulu, choncho amene azigwiritsa ntchito kwambiri ndi amalonda, osati alimi a matumba atatu. Komabe taonani chimene chikuchitika pa lisiti limeneli. Kompyuta ikusunga mawu okha. Amene akusunga mbewu ndi makoma, denga losadontha, mlonda ndi mankhwala ophera anankafumbwe. Ku Al Ras n'chimodzimodzi. Bambo uja amachita malonda a makontena pa WhatsApp chifukwa kuseri kwa foniyo kuli nyumba yosungiramo katundu, banki imene imamudziwa, makampani oyeza katundu asanakwere sitima, ndi abale a m'malonda amene akhala akukongozana kuyambira nthawi ya makolo awo. Tikachotsa zimenezi, foni yake siisiyana ndi ya azakhali.

Ndalama za pa foni ndiye zalowerera m'midzi msanga kuposa china chilichonse. M-Pesa inayamba ku Kenya mu 2007. Kwathu Airtel Money inafika mu 2012, TNM Mpamba mu 2013. Wogula akalipira pa foni, mlembi wa kalabu sayendanso ndi chikwama cha ndalama pa njinga dzuwa litalowa, ndipo mayi amene analima yekha nandolo amalandira pa nambala yake, osati kudzera m'thumba la malaya a mwamuna. Chinanso chimene anthu sachiona msanga n'chakuti malipiro a pa foni amasiya mapazi. Mlimi amene walandira ndalama za mbewu pa nambala imodzi zaka zitatu zotsatizana ali ndi umboni woti amakolola ndipo amagulitsa, umboni umene akanapita nawo kwa obwereketsa ndalama m'malo mopita ku katapila. Zovuta zake aliyense wa kumudzi amazidziwa: ejenti wa pa tiledingi amatha ndalama pa tsiku la msika, kutapa kumadula, ndipo akamberembere otumiza mauthenga abodza achititsa okalamba ambiri kuopa chilichonse chobwera pa foni.

Za kubweza dzina la mlimi, Dubai yemweyo anayesapo. Bungwe la Dubai Multi Commodities Centre, lotchedwa DMCC, lili ndi malo osakanizira ndi kupakira tiyi wochokera m'mayiko oposa khumi, wa ku Malawi ali momwemo, komanso malo a khofi amene anatsegulidwa mu 2019. Mu Ogasiti 2020, mliri wa Covid-19 utasokoneza kayendedwe ka chakudya, DMCC pamodzi ndi kampani ya ku India ya CropData anakhazikitsa msika wa pa intaneti wotchedwa Agriota, woti ulumikize alimi a ku India ndi makampani a zakudya a ku United Arab Emirates: mbewu za m'gulu la chimanga ndi mpunga, nyemba, mbewu za mafuta, zipatso, masamba ndi zokometsera. Mfundo zake ziwiri ndi zofunika kuzimvetsa. Yoyamba, ndalama za wogula zimasungidwa pakati, osaperekedwa kwa wogulitsa mpaka katundu atatsimikizika, kuti pasakhale wothawa ndi katundu kapena wothawa ndi ndalama. Yachiwiri, mbiri ya katundu imalembedwa pa sitepe iliyonse m'kaundula wa blockchain, amene zolembedwamo sizifufutika mwakachetechete, kuti wogula adziwe munda umene thumba lachokera.

Kodi dzina la mlimi lili ndi phindu lanji kwa wogula? Funsani alimi a mtedza a ku Mchinji. Mtedza wa Malawi unataya misika yambiri ya ku Ulaya chifukwa cha chuku, poizoni amene amabwera mtedza ukauma molakwika kapena ukathiridwa madzi pouswa. Matumba ochepa oipa amakanitsa kontena yonse. Ngati thumba lililonse lili ndi nambala yolozera kalabu imene lachokera, wogula amadziwa kumene vuto layambira, ndipo amene amaumitsa bwino angathe kulipidwa moposa. Popanda zimenezi, mayi amene anakhala masiku atatu akusankha mbewu yake amalandira chimodzimodzi ndi amene anathiramo mchenga, ndipo chaka chamawa nayenso sasankha. Mayiko a European Union anakhazikitsa mu 2023 lamulo lofuna kuti khofi, soya, koko ndi zina zolowa kumeneko zizisonyeza malo enieni a munda pa mapu, pofuna kuteteza nkhalango. Tsiku loyambira lamuloli lasunthidwapo, koma kumene mphepo ikulowera kukuoneka. Alimi a khofi a ku Misuku ndi ku Mzimba amene minda yawo sinalembedwe pa mapu adzapeza khomo lotseka ngakhale khofi wawo ali wabwino chotani.

Pano ndiyenera kunena nkhawa yanga. Mlimi wa kwathu walembedwa maina kambirimbiri. Amabwera anyamata a mabungwe ndi matabuleti, amajambula nkhope, amajambula chiphaso cha unzika, amayenda m'malire a munda, n'kupita. Zimene alembazo zimakakhala m'kompyuta ya kampani kapena ya pulojekiti, ndipo pulojekiti ikatha zimatha nayo. Mwini munda sapatsidwa ngakhale kapepala. Ngati mbiri ya zokolola zake ndi chuma chimene wogula wa ku Dubai angalipirire, mbiriyo iyenera kukhala m'manja mwa kalabu kapena kopaletivi yake, kuti akasemphana ndi wogula mmodzi athe kupita nayo kwa wina. Kupanda kutero, kaundula amasanduka chingwe china chomangira mlimi kwa bwana mmodzi.

Ulangizi wa pa foni sindikhalitsapo, chifukwa ubwino wake suvuta kuuona. Alangizi a boma ndi ochepa, mmodzi amayang'anira mabanja masauzande. Nambala ya 321 pa Airtel yakhala ikupereka mauthenga a mawu m'Chichewa kwa munthu wa foni ya mabatani, ndipo Farm Radio Trust yalumikiza wailesi ndi foni kuti mlimi afunse funso atamva pulogalamu. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linayesa Ulangizi, pulogalamu ya pa WhatsApp imene imayankha mafunso m'Chichewa kuchokera m'buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi, ndipo munthu angaitumizire chithunzi cha tsamba lodwala. Chimene chinandikondweretsa n'chakuti sanayembekeze kuti mlimi aliyense agule foni yaikulu. Foni imakhala ndi mlimi mmodzi wophunzitsidwa amene amayendera magulu. Anawerenga bwino dziko lathu. Pa kalembera wa 2018, mabanja okhala ndi foni ya m'manja anali pafupifupi theka lokha, magetsi m'midzi ndi osowa, ndipo m'nyumba zambiri foni imagona m'thumba la bambo pamene nandolo amalimidwa ndi mayi. Tinaonanso mu 2020, pulogalamu ya AIP itayamba ndi feteleza wa K4,495 pa thumba, mmene anthu anagonera pa mizere chifukwa makina owerengera ziphaso ankadikira netiweki. Chida chopangidwira mu ofesi ya mu mzinda chikafika kumudzi chimakumana ndi phiri lotchinga netiweki, batire lakutha, ndi chala chokakala ndi khasu.

Kuchokera ku Al Ras, ukayenda pang'ono kulowa mkati mwa Deira, umafika ku Naif. Kumeneko masitolo a mafoni ndi osawerengeka, ndipo m'misewu mumamveka Chiswahili, Chihausa, Chiamhariki, nthawi zina ndi Chichewa chomwe. Amalonda a ku Africa amagula makatoni a mafoni, machaja ndi timasola, n'kukapereka kwa otumiza katundu a m'timisewu ta kuseri. Ambiri mwa mafoni amene amagulitsidwa m'misika ya kwathu anadutsa m'misewu ngati imeneyi. Zinandikhudza kuona kuti mtunda wa mphindi zochepa ukulekanitsa malo amene nandolo wathu amagulitsidwa ndi malo amene mafoni athu amagulidwa. Ndinaima pakhomo pa sitolo ina n'kuimbira azakhali.

"Zakhali, ndili kuno kumene kumachokera mafoni. Ndikugulireni yaikulu, ya WhatsApp?"

Anayamba afunsa ngati ndikudya bwino ndiponso ngati kutentha kwa kumeneko sikundidwalitsa. Kenako anati, "Foni ndili nayo, mwanawe, ndipo mlembi wa kalabu yathu ali nayo yaikuluyo. Ngati kumeneko kuli masikelo abwino, gulako imodzi. Ikhale ya gulu."

Ndinagula sikelo yopachika, ya manambala owala, yoyendera mabatire ang'onoang'ono opezeka pa wokala iliyonse. Si sikelo yochitira malonda, chifukwa yotero imafuna chidindo cha Malawi Bureau of Standards. Ntchito yake ndi yoti munthu adziwe chimene wasenza asanachoke pakhomo.

Nyengo yokolola yotsatira ndinapita kumudzi. Ndinapeza sikelo ija itapachikidwa pa mtanda wa khonde la tchalitchi, amayi a kalabu atazungulira, aliyense ndi matumba ake. Anali atagwirizana kuti nandolo wosapeta sakwera pa sikelo, ndipo mayi wina anabwezedwa ndi lichero kuti akamalize. Mlembi, mtsikana amene anamaliza Fomu 4, ankalemba m'kope dzina ndi makilogalamu, mwini thumba n'kuyang'ana manambala ndi maso ake asanasaine. Atamaliza anaphatikiza zonse, anajambula tsamba la kopelo, anajambulanso nandolo ali m'dzanja, n'kutumiza pa WhatsApp kwa ogula awiri a ku Limbe amene manambala awo anawapeza kwa mlangizi. Mmodzi sanayankhe. Winayo anayankha dzuwa litapendeka: mtengo wake unali woposa wa pansi pa mango, koma anati lole satumiza pokhapokha katundu atakwana kudzaza. Wa kalabuyo sankafika ngakhale theka.

Panali kachetechete pang'ono. Amayi awiri ananena mosabisa kuti iwo sangadikire kupyola Loweruka, wina ali ndi wodwala ku chipatala, wina ngongole ya banki m'khonde yakwana. Msungichuma anatsegula bokosi la gulu n'kuwerenga zimene zinalimo, kuti aone ngati zingakwane kuwapatsa awiriwo kachiyambi matumba awo akhale. Azakhali anatembenukira kwa mlembi uja.

"Iwe, kodi uli ndi nambala ya apampando a kalabu ya kutsidya kwa mtsinje? Aimbire. Uwauze kuti mawa m'mamawa tikubwera ndi sikelo."